Zitsulo za Mabowo za Mwana Wathu

Amuna anga amaumba mapoto. Atasiya ntchito ku fakitale ya tiyi anamanga kang'anjo kuseri kwa nyumba yathu ku Ruda, n'kumasungunula zitini ndi zidutswa za injini. Chimene amadana nacho ndi mabowo. Poto akatuluka m'chikombole ali ndi kabowo ngakhale kamodzi, amabwerera pamoto, palibe zokambirana.

Mwana wathu wamkazi, yekhayo wapakomboni pathu amene anafika ku yunivesite, anaphunzira za zitsulo zomwezo. Chaka chake chomaliza anabwera ndi tizidutswa ta aluminiyamu m'katoni. Mayi ine, mabowo okhaokha ngati siponji! Anandifotokozera ndikutsuka mbale kuti amachita dala: amathira ufa wina wake m'chitsulo chosungunuka kuti chichite thovu, chikhale chopepuka. Akabwerera ku yunivesite akazifinya pamakina kuti aone mphamvu yake, ndipo digiri yake yonse inali pamenepo. Ufawo unali utatha kusukulu. Kubwera nazo kuno anangofuna kuti bambo ake anyadire.

Iwowo anangozitembenuza m'manja. Koma anthu osalankhulawa!

Tsiku la Sabata ine ndi mwana tinavala zoyera kupita kukapemphera kuphiri. Pobwera ndinaona utsi kuseri kwa nyumba. Tinawapeza bambo ake akupukuta tizitsulo tosalala, tonyezimira, atatindandalika pamphasa.

"Mwanangu," anatero, "aphunzitsi ako akanakuseka. Moto wanu kumeneko ndi wochepa. Ndakukonzera, fufuza ngati upezepo bowo."

Ine pakamwa panga sipachedwa, aliyense amadziwa. Ndinali nditatsegula kale, koma mwanayo ananditsina pamkono mpaka ndinamva kuwawa. Kenako anagwada, naomba m'manja monga amachitira ana obadwira kuno kwa Ashona, nati m'Chishona, "Maita basa, baba." Kuwathokozatu kumeneko.

Anakalirira m'munda wa nthochi, nkhope ataiphimba ndi duku. Kumeneko ndi kumene anandilumbiritsa kuti ndisadzawauze.

Chaka chimenecho sanamalize. Amene ankamulipirira sukulu sanafune zodikira, ndipo ufa uja sunabwerenso. Lero amagulitsa m'sitolo ya zitsulo ku Mutare. Iye amawauza bambo ake kuti zotsatira zikuchedwa.

Mtima umandiwawa, ndipo masiku ena ndimawakwiyira amuna anga osadziwa chimene alakwa. Ndimawaponyera mbale patsogolo, iwo n'kumadabwa. Alendo akabwera amawafotokozera mmene anakonzera ntchito ya ku yunivesite, ine ndimangotuluka panja.

Mwezi watha anakasoketsa suti kwa telala. Dzulo anaiyesa, naima pakhomo akukoka manja a jekete.

"Mayi ake mwana, kodi pa tsiku la digirilo makolo amakhala kutsogolo?"

Ndinati eya, amakhala kutsogolo.