Ambulera ya a Kayange

Frackson Kayange anagulitsa mafoni a kampani ina ku Misuku kwa zaka zisanu ndi zinayi, pansi pa ambulera yaikulu imene kampaniyo inamubwereka. Ambulerayo inali ofesi yake, inalinso ulemu wake. Asanaipeze anali wothyola khofi m'minda ya eni. Ataipeza, ngakhale a zankhalango a ku Mughese ankamutchula kuti a Kayange.

Chaka chilichonse ku likulu kunkachokera fomu yofunsa mafoni amene anthu akufuna. Frackson ankalemba mosamala ngati mayeso: foni ya batire lotha sabata, ya tochi, yolowa masimu awiri, poti m'zigwa zambiri netiweki imene imagwira ndi ya ku Tanzania. Fomu inkapita. Kenako kunkabwera katoni ya mafoni aakulu ngati sileti, okana simu ya kampani ina, ofuna magetsi tsiku ndi tsiku.

Chaka chatha katoniyo inabwera ndi kalata. Mafoni akapanda kutha pofika kumapeto kwa nyengo yothyola khofi, ambulera ibwerera kwa eni ake. Amene anaibweretsa ndi Kelvin, woyang'anira malonda, mwana wa ku Zomba amene Chitumbuka chake chonse chinali monire ndi yewo, moni ndi zikomo. Atamwa tiyi anaulula kuti fomu ija ndi mwambo chabe. Akuluakulu amafunsa nsanja ya netiweki, imene imawerenga mafoni oyaka m'dera lake, ndipo mtundu wochuluka ndi umene amatumiza.

Apa Frackson anamvetsa. Nsanjayo imagwira bwino pamwala umodzi, kumtunda kwa chipatala, pomwe anamwino ndi aphunzitsi ochokera kumwera amaima poimbira kwawo. Kwa akuluakulu, Misuku yense anali anthu khumi ndi awiri olandira malipiro a boma.

Ndiye anaganiza zokaonetsa anthu ake kwa nsanja. Analengeza m'matchalitchi, analengeza pamaliro. Loweruka lina anthu mazana awiri anasiya khofi atapsa m'mitengo n'kukwera phiri ndi timafoni tawo tomanga ndi mphira. Anachotsa simu ya ku Tanzania, kuika ya kampani, n'kuima m'nkhungu akuimbirana okhaokha. Mayi wina wachikulire anafunsa ngati nsanjayo yamuona kale, poti miyendo yatopa. Frackson anamuuza kuti yamuona.

Patatha miyezi iwiri Kelvin anatulukira pa njinga yamoto. Sanakhale pansi. Anafotokoza kuti makina anaonadi mafoni akale mazana awiri tsiku limodzi, pamalo ozolowereka khumi ndi awiri. Akatswiri anakhala pa msonkhano n'kugwirizana kuti nsanja yasokonekera. Tsikulo analifufuta. Anatumizanso munthu kukakonza nsanjayo, amene anaipeza ili bwinobwino.

"Ndiye tinakwera phiri lija tili mizukwa?" anafunsa Frackson.

"Pepani bambo, ine ndangotumidwa," anatero Kelvin, akumanga ambulera kumbuyo kwa njinga. Ponyamuka anati yewo.

Masiku ano Frackson akuthyolanso khofi, m'thumba muli kafoni kogula kutsidya kwa mtsinje wa Songwe, ku Tanzania. Anthu abwerera kumutchula kuti Frackson basi. Koma amene anachotsa ambulera si amene amasunga mayina a ogulitsa, choncho mwezi watha fomu inafikanso. Anaisunga masiku atatu, kenako anabwereka cholembera kwa mphunzitsi.