Kapu yobiriwira ya a Useni

Esime sakhala pansi. Ndamudziwa ali wakhanda, chifukwa bambo ake, malemu a Useni, tinkagwira nawo ntchito mu mgodi wina pakati pa Chegutu ndi Kadoma. Mgodiwo unatsekedwa kalekale. Esime amakhala ku Pfupajena, m'tauni ya Chegutu, ndi mayi wamasiye, amagulitsa matimati pamsewu. Ukafika pa tebulo lake umapeza matimati okha. Mwini wake ali uko, akukangana ndi munthu amene wataya matewera mu ngalande.

Akuluakulu anatopa naye. Ana ndi amene amamumvera. Loweruka amawasonkhanitsa, kuwagawira matumba, n'kumatola nawo mapulasitiki m'misewu. Iye amayankhula Chichewa, iwo amayankha m'Chishona, ntchito imayenda.

Chaka chatha anamva kuti okumba golide akutaya zinyalala pa manda a komboni yakale ya mgodi uja. Ndi kumene kunagona anthu athu ochokera ku Nyasalande, bambo ake omwe. Pa manda amenewo palibe miyala yolembedwa. Munthu akamwalira tinkaika mbale yake kapena kapu yake pa mtumbira, titaiboola kuti wina asabe. Aliyense ankadziwira pamenepo pamene pagona mbale wake.

Tinamuuza kuti ana sapita kumanda.

"Nanga mabotolo a mowa ndiye amaloledwa?" anatero, n'kukapempha lole.

Ndinakwera nawo. Titafika, anawauza ana mofulumira, "Chilichonse chosamera, m'thumba!" Asanamalize anaona utsi kumunsi, kumene okumba golide anamanga misasa. Anandigwira dzanja. "A Nowa, tiyeni, imvi zanuzo akaziope."

Tinakakhalitsa kumeneko. Iye ankayankhula, ine ndinkangoima.

Pobwerera tinapeza manda ali mbee. Mtsikana wina, Nomatter, anatithamangira akumwetulira. "Gogo, taonani! Ngakhale zimbale zadzimbiri tachotsa zonse!"

Esime anakhuthula thumba limodzi. Mbale, makapu, chisoti cha mu mgodi. Anakhuthula lina. Kapu yobiriwira ya bambo ake inagubuduka n'kuima pa phazi lake. Tinayang'ana mitumbira. Mvula inaiphwasula kale, yonse inali yofanana.

"A Nowa, bambo anga ali pati?"

"Mzere wa kumunsi. Koma ine ndinkangoyang'ana kapuyo."

Nomatter atamva anayamba kulira. Esime anamukoka. "Ukulira chiyani iwe? Pakamwa panga ndi pamene pathamanga. Pukuta mamina, ntchito yachuluka."

Makolo anakwiya. Ena analetsa ana awo. Esime sanadikire kuti mtima wawo utsike. Ana otsalawo anawatuma awiriawiri m'makomo a nkhalamba za ku Pfupajena ndi ku Chinengundu, atanyamula mbalezo. Mayi wina anazindikira mbale ya mwamuna wake ndi chipsera cha m'mphepete. Wina anatukwana kaye, kenaka n'kufuna nsapato zake kuti apite nawo kumanda. Lole inabwereranso kumanda, nkhalamba zikuloza ndi ndodo, ana akuika mbale, akufunsa kuti munthuyo anali ndani. Mbale zambiri zinabwerera m'malo mwake.

A Useni ndiye anavuta. Esime anapita ku Kadoma kwa mlongo wake, mlongoyo anati anali mwana pa nthawi ya malirowo. Anakwera basi mpaka ku Sanyati kwa a Fredrick, amene anakumba nawo manda a bambo ake. Anawapeza maso atafa. A Fredrick anangokumbukira kuti anakumba pafupi ndi chulu. Pafupi ndi chulucho pali mitumbira iwiri, ndipo winawo palibe akudziwa mwini wake.

Tinapitanso, ine, iye ndi ana. Anazungulira mitumbira iwiriyo, kapu ili m'manja. Anaiika pa wakumanja, n'kuichotsa. Anaiika pa wakumanzere, n'kuichotsanso.

"A Nowa, tanenani kanthu. Munali mnzawo."

"Ndikanena ndinama."

"Mu mgodi munkamwa bwanji madzi?"

"Kapu imodzi, tonse."

Anagwada, n'kuikhazika pakati pa mitumbira iwiriyo, n'kuitsindira ndi dothi.

"Ababa, ngati muli uku, tambasulani dzanja. Ngati muli uko, chimodzimodzi. Mnzanuyo muzimugawirako."

Kenaka anapatsa Nomatter khasu kuti alambule yonse iwiri.