Tsamba limene ndinapaka a NaBanda

Nthawi ya nkhondo yomenyera ufulu ija, mwana wa a NaBanda, oyandikana nane kukomboni ya Makokoba, anathawa kukalowa gulu la anyamata a m'tchire. Mayiwo analira mpaka zikope kutupa. Anakonza zouza apolisi kuti mwanayo wangopita kukaona abale ku Zambia, koma maso otupawo akanawaulula.

Ine ndi pakamwa pangapa ndinati, "Musadandaule, dona wanga kuntchito amapaka madzi a alovera m'zikope. Ndimadziwa bwino."

Linali bodza, aloverayo ndinkangomuonera patali. Ndinakadula tsamba laminga m'mbali mwa njanji n'kuwapaka madzi ake. Kani linali khonje!

"Mayo ine! NaPhiri, mwandipaka tsabola kodi?"

"Ndiye kuti mankhwala akugwira," ndinatero.

Apolisi atafika anapeza nkhope yatupa ngati chitumbuwa, misozi ili chuchuchu. Mmodzi anati ndi nthenda yopatsirana, onse n'kubwerera pakhomo osafunsa kanthu.

Sindinaululepo kuti linali khonje, ndipo mpaka lero sindidziwa kaya ndipepese kaya ndinyadire. Nkhondo itatha, mwana uja anabwerako n'kukwatira. Tsiku lina a NaBanda anandibweretsera mkazi wakeyo, zikope zitatupa.

"NaPhiri," anatero, "kaduleni tsamba lija."