Shati ya Ulusi Wobiriwira

Ndikukumbukira kulira kwa simbi yamakala ikatera pansalu yonyowa, tsiii, kenako kafungo ka sitachi kosakanikirana ndi utsi. Phokoso limeneli ndi limene linkandidzutsa ku Area 12, m'kanyumba ka antchito kuseri kwa nyumba ya a Kaputeni. Makolo anga atamwalira, agogo anga a Nabanda anakanditenga ku Nathenje n'kudzakhala nane kumeneko. Ntchito yawo inali yochapa ndi kusita, koma malipiro awo enieni anali kanyumbako. Kumudzi munda anali atagawana achibale, moti tikanachotsedwa tinalibe kolowera.

A Kaputeni ankayendetsa ndege za kampani yaikulu, zija amadyeramo nyama ndi foloko. Mashati awo oyera ankapatsidwa kuntchito, ali m'mapepala onyezimira. Loweruka masana ankakhala pakhonde ndi anzawo, ine ndili pansi pa mtengo wa mapeyala ndi kope langa, maso pamasamu koma makutu kukhonde. Nkhani yawo inkakhala ya malipiro, ndipo nthawi zonse inkathera pa a Gervazio, mnzawo amene anaphunzira naye limodzi zoyendetsa ndege. Ntchito itawathera, a Gervazio analowa kampani ina yakunja ya ndege zotsika mtengo.

"Amene uja ndi dalaivala wa minibasi ya m'mwamba," ankatero a Kaputeni. "Amamulipira maola okhawo amene wauluka, ngati waganyu. Yunifomu amagula yekha. Ndi tiyi yemwe m'ndegemo amagula!" Anzawo ankaseka mpaka kupukuta misozi, kenako n'kuyamba kudandaula kuti anthu ovomera ndalama zochepa ndi amene adzagwetse malipiro a onse.

Chimene sankadziwa n'chakuti agogo ankawachapiranso a Gervaziowo mobisa. Lachisanu lililonse ankabwera wapansi kugeti lakuseri, kusiya zakuda n'kutenga zoyera. Mashati a oyendetsa ndege amafanana kwambiri, ndipo agogo sankatha kuwerenga, choncho ankasoka kaulusi mkati mwa kolala: kofiira a Kaputeni, kobiriwira a Gervazio. Ofiira anali ambirimbiri. Obiriwira anali atatu okha.

Ndili Sitandade 6, kunagwa mvumbi wa masiku atatu, magetsi n'kuzimanso. Mashati a a Kaputeni anali lendelende pachingwe, onse onyowa kupatula imodzi. Lachisanu la sabata imeneyo agogo anakwera minibasi kukagula sopo ndi sitachi kumsika wa ku Old Town. Atangochoka, a Kaputeni anatulukira pakhomo lakukhitchini atavala vesiti.

"Iwe Fatsani! Wina wadwala, ndiuluka ndine. Uwauze agogo ako, shati ndiipeze pakatha ola."

Ndinayenera kunena kuti agogo kulibe. Koma ndinali mwana woti mawu amathera pakhosi, ndiye ndinangoti, "Chabwino bwana."

Ndinali nditaonerera agogo akusita kambirimbiri, moti ndinkadziona ngati katswiri. Ndinadzaza makala, ndinapemerera, ndinawaza madzi ndi zala monga ankachitira iwo. Kolala inatheka bwino, mkono woyamba chimodzimodzi. Kenako m'mitambo munamveka ndege. Ndinatukula mutu kuti ndiione, ngakhale kunali mitambo yokhayokha. Chinandibweza ndi fungo. Pamsana pa shati panali chithunzi chonse cha simbi, chofiirira, chosongoka bwinobwino ngati wachita kujambula.

Ndinathamangira m'kanyumba kathu. M'dengu pansi pa bedi munali mashati awiri a a Gervazio, ositasita, akudikira mwini wake. Ndinatengapo imodzi, ndinaikoleka pahang'ala ya a Kaputeni, n'kukaipereka ndi manja awiri. Anaivala mothamanga, analowetsa timizere tawo tagolide m'mapewa, anakoka kolala kawiri akukwinya nkhope. Galimoto yakuntchito inaliza hutala, iwo n'kupita.

Agogo atabwera ndinawaululira zonse, koma sanandimenye. Anaitembenuza shati yopsayo, anakhala pabedi, n'kuyamba kuyang'ana makoma, shelefu ya mbale, zenera lathu limodzi lija, chimodzichimodzi ngati akutsanzika. Ndikanakonda akanandikwapula.

A Gervazio anafika cha m'ma folo ndi ambulera yothyoka nthiti imodzi. Agogo anawafotokozera maso ali pansi. Bamboyo anaseka mpaka kutsamira geti.

"Ndiye mukuti bwana wamkulu ali m'mwamba muno ndi shati ya minibasi? Mayo ine! Musadandaule agogo, ndizichapa usiku iyi ndavalayi. Ndege sifunsa kuti uli ndi mashati angati." Anandigwira paphewa. "Koma iwe mphwanga, ukamasita uzisita. Ndege uzidzaziona ukamaliza."

Lamulungu titabwera kutchalitchi, a Kaputeni anatiitanitsa kukhonde. Shati inali pamwendo pawo, kolala ataitembenuza.

"Mayi, ulusi wanga ndi wofiira. Zaka zonsezi ndimauona. Uwu ndi wa yani?"

Agogo anagwada n'kuyamba kunena kuti maso awo akukalamba, anasokoneza ndi iwo. Sindidziwa chimene chinandigwira. Ndinayankhula. Ndinanena za mvula, za makala, za ndege imene sindinaione n'komwe, za dengu la pansi pa bedi, mpaka dzina la a Gervazio. Chibadwire ndinali ndisanayankhulepo motalika choncho, moti mlonda anasiya wailesi yake kugeti n'kusuzumira.

"Mwini wake anati chiyani?" anafunsa a Kaputeni.

"Anati ndege sifunsa mashati, bwana."

"Ali nawo angati?"

"Atatu. Ndi imeneyo."

Anaisisita kolalayo ndi chala nthawi yaitali. M'mphepete mwake inali itayamba kuperepeseka, ndipo agogo anali ataisoka mochenjera kuti isaoneke. Kenako anadzuka n'kulowa m'nyumba, ife tili chigwadire pasimenti yozizira, osadziwa ngati tikamange katundu.

Masiku ano ndimauluka nanenso, kukampani yonga ija ya a Gervazio, ndipo mashati ndimagula ndekha. Onyoza alipobe, nkhani ya malipiro siinathe, koma ena mwa iwo timakhala nawo pabenchi imodzi kudikira nyengo kuti ikhale bwino, n'kumagawana mtedza. Kumbuyo kwanga kumakhala amayi a geni, ana asukulu, agogo opita kukaona zidzukulu, anthu amene kale ndege ankangoimva m'mitambo monga ndinkachitira ine. Tikatera bwino ena amaomba m'manja. Simbi yanga ndi yamagetsi, koma ndikamasita sinditukula mutu.

Lamulungu lijalo a Kaputeni anatulukanso m'nyumba atanyamula mashati awiri atsopano, akadali m'mapepala awo, pamwamba ataikapo ya ulusi wobiriwira ija.

"Dzukani mayi, simenti ikulowani m'mawondo. Awa muwasoke ulusi wake womwewo. Lachisanu Gervazio adzere geti lakutsogolo, asamazembe ngati wakuba nkhuku." Anandisenzetsa mtolowo m'manja. "Ndipo iwe ukamuuze kuti kolala yake imafinya ngati mipando ya m'ndege zawo."

Anatola makiyi patebulo, analowa m'galimoto, mlonda n'kutsegula geti.