Mbalule ya a Stephano

A Stephano Kwenda, malume anga, anali mlimi wa mtedza kufupi ndi Kabudula, munthu wamfupi, wouma mutu ngati chitsa cha m'munda. Anakulira kudambwe akuimba mbalule, ng'oma imene imatsogolera gule wamkulu. Atafuna kukwatira a Rebecca anasiya zonsezo, analowa kalasi, n'kubatizidwa. Kwa zaka makumi atatu sanakhudze ng'oma.

Ndiye kunamwalira mng'ono wawo, amene sanapondeko m'tchalitchi. Pamaliropo oimba ng'oma ankangosokoneza, gule n'kumangopondaponda. Malume zinawakwana. Anavula jekete, n'kulanda ng'oma ija. Sabata isanathe akulu a mpingo anawadula. Anawauza kuti akadzaimirira pamaso pa mpingo n'kuvomera kuti analakwa, adzabwezeredwa. Iwo anayankha kuti kuperekeza m'bale wako si kulakwa.

Zaka zisanu ndi ziwiri zinatha chomwecho. Lamulungu lililonse ankabwera kutchalitchi, kukhala kumbuyo, kuimba mokweza kuposa kwaya. Tsiku la mgonero ankatuluka. Zinkawapweteka, ndipo sankabisa. Kwathu munthu wodulidwa akamwalira mpingo suimba pamaliro ake, ndipo malume, amene mtima unali utayamba kuwavuta, ankazidziwa bwino.

Chaka chathachi mu Juni kunabwera ophunzira khumi ndi awiri ochokera ku yunivesite ina yachikhristu ya ku Amerika, akuti kudzaphunzira chikhalidwe chathu. Ine, poti ndine mphunzitsi, anandisankha kukhala womasulira. Tinawaphunzitsa kusinja, kuthothola mtedza, kugwada popereka moni. Anali ana abwino, amafunso ambiri, ongolemba chilichonse m'makope, ngakhale kulira kwa mbuzi. Vuto linali limodzi: papepala la ulendo wawo panalembedwanso gule wamkulu.

A Gerald, mkulu wa mpingo amene anawerenga chigamulo chodula malume, ananditenga kuti tikawaone. Anayamba ndi za mvula, za mtengo wa fetereza, za chifuwa cha adzukulu, mpaka ine ndinatopa nawo. Kenaka anatulutsa chimene anabwerera. Malume akalankhula ndi anzawo akale, n'kuimbira alendowo mbalule, akulu adzaiona nkhani yawo ndi diso lachifundo, popanda zoimirira pamaso pa anthu. Anati zimenezi n'chikhalidwe chabe, si kupembedza.

Ndisaname, ine ndinasangalala. Ndinkawayang'ana malume mowapempha kuti angovomera.

"A Gerald," anatero malume, "ng'oma yake ndi yomweyo, manja ake ndi omwewa. Ndikaimbira mng'ono wanga ndi tchimo, ndikaimbira azungu ndi chikhalidwe, eti? Pitani mukafune wina."

A Gerald anamupezadi wina. Gule anachokera cha ku Msundwe, anavina pabwalo la mpira Loweruka masana, akulu a mpingo atakhala pamipando yakutsogolo, mataye ali pakhosi. Ine ndinkamasulira mafunso a alendo ndikubisa mkwiyo.

M'mawa mwake kunali mgonero. Alendo anawakhazika kutsogolo, mafoni odzaza zithunzi za gule ali m'matumba. Nthawi itakwana, malume anatuluka monga mwa masiku onse. Mmodzi wa ophunzira aja, Natalia, amene ndinali nditamufotokozera nkhani yonse, anawatsatira panja akulira. Ndinatuluka nawo kuti ndimasulire. Mtsikanayo anati naye sadya mgonerowo.

Ndinkayesa malume akondwa. Anakwinya nkhope.

"Muuze abwerere akadye. Iyeyu sanalakwe kanthu, ndipo ine sindifuna wondilirira. Wanga ndidzalandirira pakhomo lomwe ananditulutsira."

Natalia anabwerera. Atapita kwawo anatumiza kalata yonena kuti mu lipoti lake analemba zambiri za malume kuposa za gule. Malume anaseka, anati koma kusinja kokha mwanayo sanakhoze.

Anamwalira mu Febuluwale, mvula ili pakati. A Gerald anabwera pasiwa kudzanena kuti banja likangovomera kuti malemu analapa pomaliza, mpingo uimba. A Rebecca anati amuna awo sanalape, ndipo sangawanamizire ali m'bokosi. Akudambwe nawo sanabwere, ankati munthuyu anawathawa kalekale.

Tinanyamula maliro mwakachetechete. Kunkangomveka mapazi m'matope. Munthu amene anaimbira Mulungu zaka zonsezo ankapita kumanda ngati wakuba, ndipo ine mtima unandiwawa kwambiri. Tisanafike pamtsinje ndinayambitsa nyimbo ya m'buku. Ndinaimba ndekha ndime yoyamba. Pa yachiwiri a Rebecca analandira, kenaka amayi atatu a chigwirizano, kenaka ena ndi ena kumbuyo.

Akulu a mpingo andiitana mwezi wamawa kuti ndikayankhe. Kupita ndipita, koma kupepesa ayi.