A Matiki, chitseko changa chili kuti?

Ndinagula nyumba Lolemba ili ndi chitseko. Pofika Lachisanu chitsekocho chinali pa njinga, chikupita ku Kaduya kukakwatira. Musaseke. Ine ndili ndi mwana wa miyezi isanu ndi iwiri, ndipo ino ndi nyengo ya afisi.

Akonzi, ndipatseniko malo m'nyuzipepala yanu, anthu a ku Migowi, ku Chiringa ndi ku Kaduya amve zimene andichita a Matiki. Sukulu ndinalekeza Sitandade 3. Mukapeza polakwika konzani, koma dzina lawo musachotse.

Ine ndine amake Elube. Amuna anga ali ku Halale, amaphika kwa mzungu. Ndinakulira pa esiteti, amayi anamwalira, mudzi wakwathu woti mwamuna andimangireko nyumba ndilibe. Ndiye amuna angawo anatumiza ndalama ndi kalata, ati gula nyumba chakufupi ndi msika uzigulitsa zitumbuwa, koma chitseko chikhale chathabwa. Pansi pa mawu amenewo anadula mzere. Mbiri ya afisi akuno yafika mpaka ku Halale. Nonse mukudziwa kuti kukatentha chonchi amayenda m'makonde, ndipo mwana wogona pa mphasa samusiya.

A Matiki ali ndi kachipinda kuseri kwa msika wa Migowi. Amalembera anthu makalata, amagulitsanso nyumba za eni ake. Ati ku Kabula anthu otere amatchedwa a ejenti. Jekete savula ngakhale dzuwa likuswa mtengo, m'thumba mapensulo atatu.

Lolemba m'mawa ananditengera kutsidya kwa dambo. Ati mpafupi. Tinayenda ola lathunthu. Nyumba ya zidina, zipinda ziwiri, udzu watsopano. Ine udzu sindinauyang'ane n'komwe. Ndinathamangira pa chitseko. Chamlombwa, cholemera, mahinji achitsulo, mpiringidzo wake wonenepa ngati mwendo wa munthu. Ndinatseka, ndinatsegula, ndinachigunda ndi phewa. Ndinalowa m'kati n'kupiringidza, ndinati a Matiki kankhani muli panjapo. Anakankha mpaka chipewa chinagwa.

"Mayi, apa ngakhale njovu ibwerera ndi mutu wotupa," anatero.

Ndinafunsa katatu ngati chitsekocho chili pa mtengo womwewo. Katatu konse ankangoti, "Mayi, si mukuchiona ndi maso anu?" Mwamva? Sananenepo kuti inde. Ndazindikira pano.

Mwini nyumba, mayi Edina, anali chikhalire pa mtondo, katundu atamanga kale, ati akutsatira alongo awo ku Chiringa. Pamene ndinkalimbana ndi chitseko ndinawaona akuseka, atabisa pakamwa ndi nsalu. Ndinkayesa akuseka ine. Mwamuna pakhomopo sindinamuone, ndipo sindinafunse. Munthu ungafunse za mwamuna wa mwini tsiku loyamba?

Ndinapereka mapaundi asanu ndi limodzi kwa mayi Edina, masheleni khumi kwa a Matiki. Analemba pepala, mayi Edina anadinda chala, ine ndinalemba dzina langa ndekha. Lachitatu ndinalowa. Masiku awiri ndinagona tulo tokoma timene sindinagonepo chichokereni amuna anga.

Lachisanu cha m'ma teni koloko, ndikusinja, ndinamva odi. Bambo wamtali, waulemu wake, njinga m'manja, zingwe za mphira pa keliyala. Ndinayala mphasa. Anapempha madzi, ndinapereka. Anamuseweretsa Elube, ati wanenepa bwino mwanayu. Kenaka anaimirira, anatulutsa kachitsulo m'thumba, n'kuyamba kumasula mahinji.

"Bambo, mukutani?"

"Ndabwera kudzatenga chitseko changa, mayi. Pepani ndachedwa."

Pepani ndachedwa!

Ati iwo ndi a Jailosi, anali amuna a mayi Edina, ukwati unatha mwezi watha. Anandifotokozera mofatsa ngati aphunzitsi. Ati mkamwini akamachoka khoma amasiya, chifukwa dothi ndi la kwa mkazi. Udzu amasiya, unamera m'dambo la kwa mkazi. Koma chitseko anagula ndi thonje lawo asanakwatire n'komwe. Anandionetsa kuseri kwake mizere itatu yocheka ndi mpeni.

"Uwu ndi wa kwa mkazi woyamba. Uwu wa amake Filipo. Uwu wa Edina. Chitsekochi chaona zambiri, mayi. Tsono ku Kaduya apongozi atsopano anena kuti ndisafike chimanjamanja."

"Nanga ine ndi mwanayu tigona bwanji?"

"Zoona, n'zovuta," anatero, akupukusa mutu mwachisoni. "Tagwirani apa, chingagwere mwana."

Ndipo ndinagwira! Abale anga, ndinagwira ndi manja anga awiri chitseko changa chomwe, kuti achimasule bwino. Mutu unali utaima. Maso okha ndi amene ankagwira ntchito. Ndinaona kuti amayamba ndi misomali yopota ya pansi, ya pamwamba pomaliza, ndipo kachitsulo kakakana amapota ndi nsonga ya mpeni.

Mpiringidzo anandisiyira, ati ndi wa alamu awo. Zikomo kwambiri, a Jailosi. Ndipiringidze mphepo?

Atamangirira pa njinga anatembenuka. "Ndikanabwera Lamulungu lapitali, koma a Matiki anati ndidikire mpaka Lachisanu, ndingawasokonezere malonda."

Ndinabereka mwana. Mtondo ndinausiya ndi chimanga momwemo, nkhuku za eni zikondwe. Ndinafika pa Migowi masana, kachipinda kokhoma, ati apita kukadya. Ndinakhala padzuwa mpaka thu koloko. Anabwera akutokosa m'mano ndi kamtengo.

Ndinafotokoza zonse, mpweya ukundithera. Anavala magalasi, anatenga pepala langa n'kuwerenga mokweza kuti anthu a pakhonde amve.

"Nyumba imodzi, zipinda ziwiri. Mayi, inu munapitako kusukulu. Werengani nokha. Pali chitseko apa?"

"Nyumba imakhala ndi chitseko!"

"Imakhalanso ndi mphika, ndi mphasa, ndi mwamuna. Zonsezo ndikupatseni pa mapaundi sikisi?"

Ndinafunsa chifukwa chimene anawauzira a Jailosi kuti adikire. Ati anandichitira chifundo. Ati masiku awiri ndagona ndi chitseko cha eni ake osalipira kanthu, ndikanayenera kuthokoza.

Kenaka anayamba kundithandiza. Ati ndipereke masheleni awiri awalembere a Jailosi kalata yowapempha, yankho mwina libwera sabata yamawa. Kapena ali ndi kalipentala wawo ku Chiringa, milungu itatu chitseko chatha. Milungu itatu! Ndinati a Matiki, fisiyo mukamuuza ndinu kuti adikire, monga munawauzira a Jailosi?

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Mukanakhala mbeta nkhaniyi ikanaphweka. A Jailosi akanangobweza njinga."

A pakhonde anaseka. Elube analira. Ine ndinayang'ana dzuwa, linali litapendeka kale.

Za usiku umenewo sindilemba zambiri. Ndinapachika mphasa pakhomo, ndinatsamiritsa mtondo, mwana ndinamumanga kumsana mpaka kunacha. M'mawa ndinapeza mapazi pabwalo. Akutsogolo aakulu, akumbuyo aang'ono. Anazungulira nyumba, anadzaima pakhomo penipeni, ndipo pansi pa mphasa dothi linali lopalidwa.

Loweruka, tsiku la msika, ndinali pa Migowi anthu asanayale. A Matiki anafika ndi mnyamata ndi mkazi wake, ongokwatirana kumene, nawonso ofuna nyumba. Ndinanena za mapazi.

"Galu ameneyo," anatero.

"Simunawaone mapaziwo."

"Agalu a kutsidyako ndi aakuluakulu. Bwerani Lolemba, mayi, lero ndili ndi alendo."

Anakhoma loko, anaponya kiyi m'jekete, n'kuwatenga anthu aja ulendo wokaona nyumba.

Lolemba. Loweruka usiku, Lamulungu usiku, kenaka Lolemba. Ndinakhala pansi pakhondepo. Kutsogolo kwanga kunali chitseko chawo. Chamatabwa a mabokosi, penti wobiriwira, zilembo zoyera: MATIKI, NYUMBA NDI MAKALATA. Ndinachiyang'ana nthawi yaitali. Mahinji ali kunja. Misomali yopota inayi pansi, inayi pamwamba. M'dengu mwanga munali mpeni wodulira nthochi.

Ndinayamba ndi ya pansi.

Mayi wina wogulitsa kalongonda anasiya mphika wake n'kubwera. "Amake mwana, mukutani?"

"Ndikumasula chitseko. Tagwirani apa, chingagwe."

Anagwira. Sanafunsenso. Titamaliza anavula duku lake n'kundipindira nkhata, amayi ena awiri anandisenzetsa. Loko sindinathyole. Ndinangomasula kachitsulo kake ku chitseko, akadali lende pomwepo, wokhoma bwinobwino. M'kati sindinapondemo. Mpando, inki, mapepala, zonse ndinasiya momwemo, mboni ndi msika wonse.

Ndinayenda ola lathunthu, chitseko pamutu, mwana kumsana. Ndinkayembekeza kumva kuti wakuba uyo. Palibe anandiimitsa. Kuno chitseko chikamayenda anthu amangoti ukwati watha. Pa dambo ndinakumana ndi amayi ochokera kotunga madzi, anandipatukira njira, mmodzi anati, "Pepani mayi, amuna ndi otero."

Chitsekocho n'chachifupi. Pansi patsala mpata wa zala zinayi, ndatseka ndi miyala. N'chopyapyala, mphepo ikawomba chimalira. Koma mpiringidzo wa alamu a Jailosi wapeza ntchito. Dzulo m'mawa mapazi analiponso, anafika pamiyala n'kubwerera.

Tsono zina zayamba. Anthu odutsa akumawerenga dzina pachitseko n'kumaodira. Chiyambire Lamulungu abwera atatu. Awiri ankafuna nyumba, mmodzi kalata. Ndinawayalira mphasa, ndinawauza zonsezi kuyambira pa njovu. Wa kalatayo ndinamulembera ulere.

Lolemba a Matiki sanabwere. Anatuma uthenga, ati akandisumira ku boma, mesenjala adzanditenga ngati wakuba. Ndamvanso kuti masiku ano akugona pakhomo pa ofesi yawo, kulondera mapepala. Mwagona bwanji, a Matiki? Kunja kukalira kanthu mumati galu?

Sindikunama, ndikuopa. Chibadwire changa sindinatengepo ngakhale singano ya munthu. Ndikamva belu la njinga panjira ndimayesa ndi mesenjala. Amuna anga sindinawalembere. Ndiyambira pati? Iwo anadula mzere pansi pa mawu amodzi okha, ndipo mawu omwewo ndi amene apita ku Kaduya.

Ndiye ndikufunsa pamaso pa anthu. A Matiki, munkadziwa kuti chitseko chili ndi mwini wake, bwanji munakankha mpaka chipewa kugwa? Munaona mwana kumsana kwanga kapena simunamuone? Masheleni khumi aja anali a chiyani, owerengera pepala mokweza? Nanga mnyamata uja ndi mkazi wake mwawagulitsa nyumba ya ukwati wa yani?

Inu amene mukufuna kugula nyumba kuno, musayambe ndi kufunsa mtengo. Funsani kuti mwamuna wa pakhomopo ali kuti. Ngati ukwati uli moyo, funsani ngati ukudwala. Tembenuzani chitseko muone kuseri, mukapeza mizere ya mpeni thawani. Ndipo pa pepala alembe chitseko, alembe zenera, alembe ndi mahinji omwe, inu mukuona.

A Matiki, chanu chili bwino, ndimachipukuta m'mawa uliwonse. Bweretsani chamlombwa, cha ukwati kapena chatsopano, mudzachimange nokha pakhomo panga, ine ndidzakugwirirani kuti chisagwe. Tsiku lomwelo mudzasenza chanu. Mukasankha kutuma mesenjala, mutumeni abwere dzuwa lisanalowe. Ndipita, ndipo Elube ndipita naye. Kundendeko ndamva kuti chitseko chilipo.

Ndine,
Amake Elube,
kutsidya kwa dambo, nyumba yolembedwa dzina la a Matiki.