Ngolo Zopanda Dzina za Che Nasoro

Pa Manjawira, mukadutsa msika n'kukhotera kuseri kwa chigayo, mumamva chitsulo chikulira musanaone munthu. Eni phokosolo ndi Che Nasoro, owotcherera zitsulo, bambo aafupi a ndevu zotuwa, amene anayamba kupanga ngolo njinga zamoto zisanadzaze msika. Ngolo zawo zanyamula chimanga, njerwa, nandolo, odwala, ngakhale mkwatibwi wina amene galimoto inamufera panjira. Koma kale mukanawafunsa kuti ngolo yakutiyakuti anapanga ndani, akanakuyang'anani kuyambira kumapazi mpaka kumutu, kenako n'kufunsa kuti wakutumani ndani.

Kukayikira anabadwa nako. Akuti tsiku lobadwa lomwe, iwo anamuyang'ana mzamba ndi diso limodzi. Munthu akawayamikira, iwo amati akufuna kubwereka makina. Akawapatsa moni kawiri tsiku limodzi, ndiye kuti akuyeza loko wa pashedi ndi maso. Ntchitoyi anaphunzira kwa amalume awo ku Balaka, amene anawasiyira nyundo ndi mawu amodzi okha: mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi. Kwa Che Nasoro, munthu akatchuka amaitana zinthu zitatu: akuba, achibale amene anali ataiwala njira, ndi miseche yoti anakhwimira bizinesi. Choncho pashedi panalibe chikwangwani, pangolo samalembapo dzina, ndipo penti samapaka. Ankati penti ndi ya anthu amene ali ndi chobisa. Ngolo imatuluka yakuda bii ngati ikupita kumaliro, n'kukagwira ntchito zaka ndi zaka osadandaula.

Akazi awo, mayi Zena, ndi munthu wina. Amagulitsa samusa pamsika, ndipo akayamba kuitanira malonda, ngakhale a m'minibasi yodutsa amadziwa kuti anyezi wa lero ndi wochokera kuti. Kwa zaka zambiri ankawauza amuna awo kuti fumbi ndiwe mwini, palibe adzakuimbireni ng'oma. Che Nasoro ankangoyankha kuti ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika, n'kupempha tiyi wina.

Kenako kunabwera Geoffrey, wochokera ku Ntcheu boma, kumene ankapanga mafelemu a mawindo ndi mageti. Anatsegula shedi m'mbali mwa msewu, n'kuimika chikwangwani chachikulu ngati chitseko cha tchalitchi. Tsiku la msika ankazungulira kumene ngolo zimaima, chitini cha penti yabuluu kumanja, n'kumauza eni ake kuti awapakira ulere. Ulere ndani amakana? Akamaliza, kumbuyo kwa ngolo ankalembako dzina lake ndi nambala ya foni, n'kujambula chithunzi chokatumiza m'magulu a pa foni. Kunena zoona, Geoffrey sananenepo ndi pakamwa pake kuti ngolozo anapanga ndiye. Anangoisiya penti kuti ilankhule.

Pofika nthawi yokolola, ngolo za m'dera lonselo zinali zabuluu. Che Nasoro ankaziona zikudutsa, ntchito ya manja awo itavala dzina la mwini wina, ng'ombe zili phee ngati sizikudziwa kanthu. Poyamba anaganiza kuti m'pentimo muli mankhwala okokera makasitomala, mpaka anakandako pang'ono ndi chikhadabo n'kununkhiza. Inali penti basi. Koma pashedi pawo anthu anachepa. Obwera anali a makasu othyoka ndi mawilibala, ntchito yoti munthu sangadyetse nayo banja. Mwini malo amene ankachitapo lendi anayamba kubwera ndi mnyamata wina wokazinga tchipisi, n'kumayeza bwalo ndi mapazi Che Nasoro akuona.

Chiyembekezo chinali chimodzi. Kalabu ya alimi a nandolo inkafuna ngolo zatsopano zingapo, ntchito yoti ikanasunga shedi chaka chonse. Wapampando wake, mayi Thokozile, anafika tsiku lina kudzawotcheretsa khasu, ali pa ngolo yabuluu imene anagula kwa munthu wina wosamukira ku Lilongwe. Akudikira, anawalangiza Che Nasoro mwachifundo ndithu.

“Inu Che Nasoro, bwanji osapita kwa Geoffrey mukaphunzireko? Onani ngolo iyi, chigulireni sinandivutitsepo. Ana a masiku ano ali ndi manja.”

Che Nasoro anaiyang'ana ngoloyo. Anakumbukira ndi tsiku limene anaipanga, chitsulo chitawawotcha pachigongono. Koma anaganiza kuti mwina mayiwa atumidwa kudzawakola pakamwa. Anangoti amva, n'kupereka khasu. Asanafike n'kunyumba komwe, nkhaniyo inali itadutsa pamsika n'kuwapeza mayi Zena, ndipo madzulo amenewo tiyi anabwera wopanda shuga.

Patapita masiku, amene anatulukira pashedi ndi Geoffrey mwiniwake, wopanda chitini, chipewa chili kumanja. Che Nasoro anakankhira nyundo kuseri kwa mwendo, kuopa kuti nayo ingapakidwe penti. Geoffrey anapereka moni wautali, kenako anaulula kuti kalabu yatsala pang'ono kumupatsa ntchito ija, koma iye amadziwa mawindo, za ekiselo, chitsulo cholumikiza mateyala a ngolo yonyamula matumba, sazidziwa. Pempho lake linali loti madala azipanga ngolozo mwakachetechete, iye azipaka ndi kulemba dzina, phindu azigawana. Palibe adzadziwe.

Apa ndiye panali pamene Che Nasoro akanayenera kukondwa. Ntchito inalipo, shedi ipulumuka, dzina lawo silimveka paliponse: moyo umene anaufuna chiyambire. Anakafotokoza kunyumba akuyembekeza kuti shuga abwerera m'tiyi. Mayi Zena anamvetsera mpaka kumapeto, akupinda samusa osakweza mutu.

“Zili bwino, bambo a Fadila. Ndiye mukadzamwalira, pamanda tidzalembe dzina la Geoffrey ndi nambala yake ya foni?”

Che Nasoro anakayikira akazi awo, anakayikira Geoffrey, ndipo kwa nthawi yoyamba anawakayikiranso amalume a ku Balaka aja, amene kunena zoona anamwalira anthu akuwayesa okonza maambulera.

Kalabu inkakumana Lachisanu masana pansi pa mtengo wa mango, pafupi ndi pokwerera minibasi. Che Nasoro anachoka kumzikiti n'kulunjika komweko, ali mu mkanjo woyera ndi kofia. Anakhala kumbuyo, akutuluka thukuta ngati ali pamoto wowotcherera. Mayi Thokozile atafunsa ngati pali wina ali ndi mawu asanavomereze za Geoffrey, Che Nasoro anaimirira, n'kuyang'ana kumanzere ndi kumanja ngati awoloka msewu.

“Ngolo zabuluu zonsezi ndinapanga ndine. Ndi zabwino. Sizithyoka.”

Anakhala pansi msanga, akudikira kuti mwina mphezi igwa. Koma kukayikira kuja tsopano kunasamukira kwa mayi Thokozile. Anafunsa kuti ngati zili zoona, bwanji anakhala chete ngolo yawo ili pakhomo pa shedi? Munthu amakumbukira ana ake pokhapokha akayamba ntchito? Anthu anaseka, ena anayamba kunong'onezana kuti nsanje yawakulira madala. Ndipo apo a Silvester, mlimi wachikulire amene ng'ombe zake zimadziwa njira ya kumsika zokha, anakhosomola n'kunena kuti yawo anaitenga okha kwa Che Nasoro, akuona ndi maso ikuwotchereredwa. Wina anavomereza, kenako winanso. Mayi Thokozile atawafunsa chifukwa chimene sananenere nthawi yonseyi, a Silvester anadabwa.

“Ife timayesa eni ake safuna zidziwike. Timawasungira chinsinsi.”

Ntchito inapita kwa Che Nasoro. Geoffrey, amene sadziwa kuchita manyazi nthawi yaitali, anapempha kuti penti ikhalebe yake, ndipo anamulola. Mnyamata wa tchipisi anakapeza malo ena.

Dzina tsopano limalembedwa, koma osati ndi penti. Che Nasoro amaliwotcherera ndi chitsulo, zilembo zotukuka zoti ngakhale upake kasanu zimaonekabe. Pa ngolo yoyamba analiika kunsi, pafupi ndi ekiselo, kumene angawerenge ndi agalu obisala dzuwa okha. Mayi Zena anachita kugwada kuti alipeze, ndipo atadzuka anasasa fumbi m'maondo akuwayang'ana amuna awo. Pa ngolo yachiwiri linakwera n'kukhala kumbuyo, poonekera.

Makasitomala abwerera, ena ochokera kutali ngati ku Sharpevale. Akafika n'kunena kuti aona dzina pangolo, Che Nasoro amawapatsa mpando, n'kuwauza mosabisa kuti ngolo zawo sizithyoka. Akatero amasuzumira loko wa pashedi, n'kufunsa mlendoyo kuti anaona ngolo ya ndani, kuti, ndipo ankafunanji kumbuyo kwake.